Mayi Ketilina Mbewe ndi Msitu wa Ana

Abambo Mfumu atapempha kuti m'kalata ya parishi mwezi uno mulembedwe moyo wa mkhristu mmodzi wakale, woti achinyamata atengerepo phunziro, maina anatchulidwa ambirimbiri: akatekisiti, aphunzitsi, ngakhalenso mkulu wina amene anagulira tchalitchi belu. Dzina la mayi Ketilina Mbewe linabwera kumapeto kwenikweni, ndiponso monong'ona. Sizodabwitsa. Ena mwa amene lero amawatchula mwaulemu ndi ana a anthu omwe aja ankawaseka kuchitsime. Tisanamizane, m'nkhani iyi muli manyazi athu, koma ilembedwa ndithu.

ANambewe, monga ankadziwikira, anabadwira m'mudzi wa Kaphinde, chapatali pang'ono ndi msewu wopita ku Mwami, patangopita zaka zochepa azungu atakhazikitsa boma ku Fort Jameson, kuja lero timati Chipata. Chaka chenicheni palibe analemba. Katekisimu anaphunzira zaka zinayi, zonse ndi makutu, pakuti kuwerenga sanakudziwe mpaka imfa. Anabatizidwa ali namwali, atayenda wapansi masiku awiri kupita kumishoni, ndipo anzawo ankasimba kuti pofika pamaso pa wansembe mantha anawagwira kwambiri. Ndi mmene analili mayi awa: oopa mphenzi, oopa ng'ombe, oopa kulankhula pamene pali anthu opitirira atatu. Amene amaganiza kuti anthu a Mulungu amabadwa olimba mtima sanawaone aNambewe.

Anakwatiwa ndi Yakobo Tembo, munthu wofatsa wodziwa kusema mipini. Mulungu anawapatsa ana atatu, ndipo onse atatu anawatenganso asanasiye kuyamwa. Abale anawauza kuti apite akaombeze, aone amene akuwadyera ana. Iwo anakana, osati mokweza mawu, koma pongokhala pansi osanyamuka mpaka oitanawo atatopa. Kenaka Yakobo anapita kukagwira ntchito kumigodi ya malasha ku Wankie, ndipo kuchokera kumeneko kunangobwera kalata ya maliro ake ndi bulangeti. Kuyambira pamenepo anatsala okha, akulima mtedza ndi chimanga. Lamulungu lililonse ndiwo ankayamba kufika kudzasesa m'tchalitchi, ndipo pomwe pali wodwala ankapezekapo ndi kamtsuko ka madzi, osalankhula zambiri.

Ntchito imene timawakumbukira nayo inayamba yokha, m'zaka zoyamba za Chitaganya, ulamuliro uja wa azungu wophatikiza maiko atatu. Nthawi imeneyo m'mudzi munali mutatsala amayi, nkhalamba ndi ana; amuna anali ku Halale, kumigodi ndi m'mafamu a fodya. Mayi aliyense ankalima yekha, ndipo tiana tosatha kuyenda mtunda tinkangosiyidwa pakhomo. Mwana wina atapsa ndi moto amake ali kumunda, mayi wina dzina lake Edita anachita mantha, nabwera kudzapempha kuti aNambewe azimusungirako mapasa ake mpaka masana. Sabata isanathe ana anali asanu ndi awiri, mwezi usanathe anapitirira makumi awiri. Munda wawo anayamba kuulima madzulo okha.

Katekisiti wa pamalopo, Andireya Tembo, mng'ono wake wa malemu Yakobo, anawalola kuti azisungira anawo m'tchalitchi, aziwaphunzitsa chizindikiro cha mtanda ndi mapemphero. Tchalitchicho chinali cha udzu, chamdima, mazenera ake ongokwana mutu. Koma abale, munali chipwirikiti mmenemo! Uyu watsina mnzake, uyu akulira, uyo wakodzera pamphasa, ndipo pemphero lophunzitsidwa m'mawa pofika masana linali litauluka. ANambewe ankabwerera kunyumba mutu ukuwawa, akudziimba mlandu kuti mwina ndiwo osadziwa kuphunzitsa. Tsiku lina kutatentha kwambiri mwana wina anakomoka mkatimo, ndipo iwo, chifukwa cha mantha basi, anawatulutsa onse n'kupita nawo kuseri kwa tchalitchi.

Kuseriko kunali kamsitu kamene kanatsala kokha m'dera lonselo. Mitengo ina yonse inali itathera m'mabalani owotchera fodya ndi m'minda, poti anthu anali atapanikizana pamalo ochepa. Kamsitu aka kanapulumuka chifukwa kale makolo anali ndi kachisi mmenemo, pamene ankathira nsembe popempha mvula. Kachisiyo anagwa kalekale, koma nkhwangwa inkaopabe kulowamo. Munali misuku yambiri, mipoza ya nthambi zotsika, udzu wofewa ndi kamchenga pamene madzi ankadutsa m'dzinja. Ana atangofika anangoti balala. ANambewe anathamangira uku ndi uku kuwawerenga, mtima uli m'mwamba poganiza za njoka. Koma atathamanga, kukwera, kukumba ndi kugubuduka mpaka kutopa, anawo anabwera okha mmodzimmodzi kudzakhala pamuzu pamene panali agogo awo. Tsiku limenelo pemphero la Atate Athu anafika nalo pakati popanda wolira.

Sanawerengepo buku lililonse lonena za ana, koma maso anali nawo. Anaona kuti mwana amene wakwera mtengo m'mawa amamvetsera masana, kuti wokana kudya kunyumba amadya akachoka kumsitu, kuti ndewu zimachepa pamene aliyense ali ndi kamtengo kake ndi dzenje lake lokumba. Amayi nawo anayamba kunena kuti ana akugona msanga masiku ano. Anaonanso kuti mvula ikawatsekera m'tchalitchi masiku awiri, kutsinana kuja kumabwerera. Andireya akadandaula kuti ana akungosewera m'malo mopemphera, iwo ankayankha maso ali pansi kuti, “Alamu, asiyeni athamange kaye. Pemphero silithawa.” Ndipo wansembe akabwera kudzafunsa ana mapemphero, a kwa Kaphinde ankayankha bwino kuposa a midzi ina, moti Andireya anasiya kudandaula.

M'chaka cha 1956, Seputembala akutha, anawabweretsera Tereza. Ameneyu anali mwana wa Maliya, ndipo Maliya anali mwana wa malemu mng'ono wawo wa aNambewe. Maliya ndi mwamuna wake Bizwell ankakhala kukomboni ku Fort Jameson, mkaziyo akuchapa zovala kwa amwenye, mwamunayo ali khukhi kwa mzungu. Posowa womusiyira mwana, ankamutsekera m'chipinda kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, tsiku ndi tsiku, chisiyireni kuyamwa. Musawaweruze msanga; akanatani? Koma pofika zaka zinayi Tereza sankalankhula ngakhale liwu limodzi. Ankakuwa, kuluma, kumenyetsa mutu kukhoma, ndipo sankatha kukhala pansi nthawi yoti munthu n'kumeza malovu.

Bizwell ananena zomveka pamaso pa apongozi ake. Anati oyandikana nawo atopa, mwanayo akumutchula wamisala, ndipo amayi ake a iye akudziwa sing'anga kwawo ku Petauke amene amasunga ana otere atawamangirira pansichi mpaka chiwanda chitatuluka. Anati popeza Maliya walira kwambiri, amusiya mwanayo kumudzi chaka chimodzi. Akadzabwera n'kumupeza ali chimodzimodzi, adzamutenga. ANambewe anangovomera ndi mutu. Kuyambira tsiku limenelo chithunzi cha mwana ali ndi chingwe kumwendo sichinawachoke m'maso.

Masabata oyamba anali owawa. M'nyumba Tereza anawaluma mkono mpaka magazi. Kumsitu ankangozungulira mitengo osaima, ndipo mayi wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi ankamutsatira pambuyo ali wefuwefu, kolona m'manja. Ndiye tsiku lina, masuku atayamba kugwa, mwanayo anaima. Anaona nyerere zikukoka mwendo wa chiwala, nanyonyomala pomwepo. ANambewe anaopa ngakhale kukhosomola. Mwanayo anakhala choncho mpaka nyererezo zitalowa kuuna kwawo, nthawi yoti munthu n'kupita kuchitsime n'kubwerako. Mawa lake anabwerera pamalo omwewo. Pofika Khirisimasi ankatola masuku n'kuwaika m'manja mwa agogo ake. Pofika Pasaka anali ndi mawu okwana mwina khumi, ndipo ankakhala ndi anzake mpaka theka la Tikuoneni Maria. Koma mvula ikangowatsekera m'nyumba, kuluma kunkayambiranso. ANambewe anadziwa kuti mwanayo sanachiriretu, ndi malo aja amene akumukhazika mtima, ndipo zimenezi zinkawaopsa.

Pasaka wa 1957 atapita, wansembe anabwera pa njinga yamoto ndi uthenga wosangalatsa: akhristu akaumba ndi kuwotcha njerwa mvula isanagwe, mishoni idzapereka malata, ndipo kwa Kaphinde kudzakhala tchalitchi chenicheni. Nthungululu zinamveka mpaka kudambo. ANambewe nawonso anakondwa, ndipo anali m'gulu lotunga madzi opondera dothi. Njerwa zitayamba kuuma, funso linadzuka lakuti nkhuni zowotchera zichokera kuti. Pamsonkhano wa pambuyo pa mapemphero yankho silinachedwe: kamsitu kali pafupi, kadulidwe. Wina anawonjezera kuti potero adzakhala atachotsanso malo a mizimu pafupi ndi nyumba ya Mulungu, ndipo anthu anaomba m'manja.

Apo ndi pamene Ketilina Mbewe anaimirira pamsonkhano koyamba m'moyo wawo. Mawu anatuluka aang'ono, moti akumbuyo anafunsa kuti akuti chiyani, ndipo anachita kubwereza.

“Alamu, mitengo ija ndi ya ana.”

Anthu anaseka, ndipo ena mwa osekawo ana awo ndi omwe ankasungidwa kumeneko. Mkulu wina anafunsa ngati masiku ano ana akubatizidwa ndi misuku. Zoopsa zinanenedwa pambuyo pake, kuchitsime: kuti mayiyu akuteteza kachisi, kuti mwana wamisala uja wafatsa chifukwa cha mizimu ya mmenemo, kuti Chikhristu chake ndi cha pamaso chabe. Kunena munthu amene anakana kuombeza ataika ana atatu! Mawuwo anawalasa kwambiri, ndipo choipa n'chakuti nawonso anayamba kudzikayikira. Kodi sakulimbana ndi nyumba ya Mulungu? Wansembe atabweranso, anaopa kulandira Ukaristia asanaulule nkhaniyo polapa. Wansembeyo anawauza kuti kukonda mitengo si tchimo, koma za nkhuni akhristu agwirizane okha.

Andireya sanali munthu woipa, anali ndi nkhawa zake. Mvula ikanagwa njerwa zisanawotchedwe, thukuta la mudzi wonse likanapita pachabe, ndipo mlandu ukanagwera iye. Pofuna kutseka nkhani anawauza alamu akewo kuti uvuni udzayatsidwa kumapeto kwa Seputembala. Nkhuni zokwanira zikadzapezeka pamalopo mitengo idzatsala, zikadzapanda kukwana idzadulidwa. Ankadziwa kuti nkhuni zouma zili kuphiri kokha, ulendo wa maola awiri kupita, awiri kubwera. Iye ankaganiza kuti wakana mwaulemu.

ANambewe anakonza nkhata yosenzera nkhuni. M'mawa ankakhala ndi ana, masana amayi akaweruka ankasiya Tereza kwa Edita n'kuuyamba wa kuphiri, kubwerako dzuwa likulowa, mtolo pamutu. Juni yense anasenza okha. Kamulu kawo pambali pa mizere ya njerwa kankachititsa chisoni, ndipo anyamata odutsa ankafunsa ngati agogo akufuna kuwotcha mbatata. Mapazi anang'ambika, khosi linauma moti pocheuka ankatembenuka thupi lonse. Wina atawafunsa ngati akuganiza kuti zitheka, anayankha kuti sakudziwa, koma mtolo wa lero ndiwo angathe kuusenza. Mu Julayi Edita anawatsatira, kenaka amayi ena awiri, kenaka asanu ndi atatu. Mkulu wina wa ngolo anawathandiza maulendo awiri, atawapempha kuti asamutchule. Mulu unakula, koma aNambewe akauyang'ana n'kuyang'ananso njerwa, chakudya chinkawakanika. Ndiye kunabwera uthenga wochokera kutauni kuti Bizwell afika Seputembala akamatha kudzaona mwana wake.

Amene sanawotchepo njerwa adziwe kuti uvuni ukayatsidwa, moto suyenera kufooka kwa masiku atatu. Ukafooka pakati, njerwa zimatuluka zosapsa, zosungunuka ndi mvula yoyamba, ndipo ntchito yonse imabwerera pachiyambi. Tsiku loyamba zinayenda bwino. Tsiku lachiwiri kunauka chimphepo choloza pamakomo a uvuni penipeni, ndipo moto unadya nkhuni mowirikiza. Madzulo ake Bizwell anafika pa njinga. Tereza anabisala kumbuyo kwa agogo ake koma sanakuwe, ndipo bambo wake anati aona bwino mawa. Mawa lakelo dzuwa lili pamutu, pamene panali mulu panatsala makungwa okha. Mmisiri wa uvuni anayang'ana utsi, nati moto ukufunika mpaka dzuwa kulowa, ndipo wakolera mokwanira kudya ngakhale mitengo yaiwisi.

Amuna sanadikire kuuzidwa. Analowa m'kamsitu ndi nkhwangwa ana ali momwemo, nawauza aNambewe kuti awachotse. Msuku woyamba unagwa, wachiwiri unagwa. Tereza anakuwa kukuwa kuja kwa chaka chatha, nadzigwetsa pansi n'kuyamba kumenyetsa mutu pamuzu, ndipo Bizwell anali ataima pomwepo akuona, nkhope itauma. ANambewe anapereka mwanayo kwa Edita, napita kwa Andireya.

“Alamu, aletseni. Nkhuni zilipo.”

“Zili kuti, alamu?”

“Kunyumba kwanga.”

Andireya anaganiza kuti mwina anabisa mulu wina, choncho anaimitsa nkhwangwa, anthu n'kuwatsatira. Atafika, mayiwo analowa, natulutsa mphasa, miphika, zofunda ndi mtanda wa pakhoma, naziika pabwalo. Kenaka anaimirira pamtondo n'kuyamba kusolola udzu wa denga. Nyumbayo anaimanga Yakobo asanapite ku Wankie, nsichi zake zonse za muwanga, mapaso ndi mzati za mitengo yolimba imene chiswe chinailephera zaka makumi atatu. Nkhuni zoposa zimenezo kunalibe m'dera lonse.

Anthu anabwerera m'mbuyo. Kwathu kuno nyumba ya munthu imagwetsedwa ndi adzukulu, aja oika maliro, mwini wake atalowa m'manda. Kuigwetsa mwini wake akupuma ndi malodza, ndipo onse amene anali pamenepo, ngakhale anali obatizidwa, anachita nthumanzi. Edita anafika akuthamanga, Tereza ali kumsana, nawagwira chitenje n'kuwadandaulira kuti akudziitanira maliro. Musaganize kuti iwo sankaopa. Anakulira m'mwambo womwewo. Anangoyankha kuti tsiku lawo alidziwa ndi Mulungu, koma la mwanayu ndi lero. Palibe anasuntha kuti awathandize, ndipo kuuvuni mmisiri anali kuitana kuti moto ukutsika.

Woyamba kusuntha anali Bizwell. Anayandikira nafunsa motsitsa mawu kuti, “Amayi, zonsezi n'chifukwa cha mwana wanga?”

“Ana ndi ambiri, bambo,” anatero iwo. “Koma inde, wanu.”

Bizwell anavula malaya ake oyera a kutauni, nakwera padenga. Andireya anaima kanthawi akuyang'ana nsichi zimene iye mwini anathandiza mkulu wake kusenza, kenaka anachita chizindikiro cha mtanda, natenga khasu n'kuyamba kugumula dothi. Zitatero manyazi anagwira ena. Uyu anakazula mitengo ya khola lakale, uyo ya nkhokwe yopanda chimanga. Muwanga unayaka moto waukali wopanda utsi, ndipo dzuwa polowa mmisiri analamula kuti makomo a uvuni amatidwe. Pamene panali nyumba panatsala mulu wa dothi ndi kanyumba kophikira chapambali.

Nkhawa sizinathere pomwepo. Uvuni umatenga sabata kuti uzizire, ndipo aliyense ankadziwa kuti njerwa zikapezeka zosapsa, kamsitu konse kapita. Bizwell anabwerera kutauni osanena chimene waganiza, poti Tereza anali asanakhazikike; masiku asanu ankakana kuyandikira zitsa ziwiri zija, akuluma aliyense womugwira. ANambewe akamva belu la njinga kumsewu ankamukokera mwanayo kumbuyo kwawo. Atagumula uvuni, mmisiri anagundanitsa njerwa ziwiri ndipo zinalira ngati chitsulo. Zowonongeka zinali za m'mbali zokha. Kamsitu kanapulumuka, koma za mwana kunali zii. Patapita masabata atatu munthu wina wochokera kutauni anabweretsa kadiresi, ndi mawu a Bizwell akuti mwana akhale komweko. ANambewe anakhala pansi pomwepo n'kulira, ndipo kunali koyamba anthu kuwaona akulira chiyambireni nkhaniyi.

Dzinja limenelo mudzi wonse unkawayang'anitsitsa. Akangokhosomola, kuchitsime ankati zayamba. Nawonso, poti ndi munthu, akamva kupweteka penapake ankafunsa Andireya kuti wansembe abwera liti. Koma mvula inagwa, inatha, inagwanso, iwo ali moyo. Tchalitchi chinadalitsidwa mu 1958, ndipo iwo anakhala kumbuyo pafupi ndi khomo monga mwa masiku onse. Akhristu analonjeza pamsonkhano kuti adzawamangira nyumba ina. Analonjezanso chaka chotsatira. Zaka zisanu ndi chimodzi mayi amene nyumba yawo inawotcha njerwa za tchalitchi chathu anagona m'kanyumba kophikira, utsi ukuwalowa m'maso, ndipo sanakumbutsepo munthu.

Tereza sanasanduke mwana wolongolola, ayi. Kusukulu anapirira zaka ziwiri, makoma anamukanika. Koma anasiya kuluma, analandira Ukaristia woyamba pamodzi ndi anzake, ndipo ankadziwa mtengo uliwonse wa m'kamsitu ndi mwana aliyense wosayenera kukwera patali. Miyendo ya agogo ake itayamba kulemera, ndiye ankathamangira ana othawira kumsewu. Makolo ake ankabwera pa Khirisimasi, ndipo za sing'anga sizinatchulidwenso.

Mu Julayi 1963, Chitaganya chili pafupi kutha, dziko lonse likukamba za ndale, aNambewe anagwidwa ndi chibayo. Wansembe anafika nthawi yabwino, nawadzoza mafuta oyera. Amene anawadwazika amanena kuti mantha amene anayenda nawo moyo wonse anawasiya masiku atatu omaliza. Anagona phee, akupemphera chamumtima, Tereza ali pambali akuwaingitsira ntchentche. M'mawa wa tsiku lachitatu anafunsa ngati ana apita kumsitu. Edita atayankha kuti apita, anapempha kuti chitseko chitsegulidwe, ndipo anamwalira phokoso la anawo likumveka chapatali. Ambuye amene anawatumikira mwamantha koma osabwerera m'mbuyo awalandire kumalo opumulira.

Atawaika m'manda, adzukulu anabwera ndi makasu monga mwa mwambo, naima pakhomo pa kanyumba kophikira. Anapempha kuti katundu atulutsidwe. Tereza, mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi amene ambiri anali asanamvepo mawu ake, anaima pakhomopo osasuntha, nalankhula gulu lonse likumva.

“Yawo anagwetsa kale okha. Ino ndi yanga, ndipo mawa kubwera ana.”

Adzukulu anayang'anana, nayang'ana Andireya, ndipo Andireya anawauza kuti abwerere nawo makasuwo. M'mawa mwake, anthu ambiri akadali pamaliro, ana khumi ndi anayi anafika pakhomopo, ndipo Tereza anawatsogolera kumsitu.